Kabati ya magemu ya alamu anga: magetsi a m'kati mwake

Alamu anga atabwerako ku Joni, pakati pa mafiriji, njinga ndi mabulangete amene anatsitsa pa lole panali chinthu chimene chinasonkhanitsa ana a mudzi wonse: kabati yamatabwa yaitali kuposa ine, ya sikirini kutsogolo, timitengo tiwiri toyendetsera, mabatani ofiira ndi obiriwira, ndi kachitseko kachitsulo koponyerapo ndalama. Ndi makina a magemu aja anthu ankasewera ataimirira zaka za m'ma 1990. Anaigula yakufa pamtengo wozizira, ndipo maganizo awo anali oiika pakhonde pa golosale yawo kwa M'baluku, pambali pa tebulo la pool. Anabweranso ndi kabolodi katsopano kokhala ndi magemu ambirimbiri m'kati mwake.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, ma TV ndi maamplifaya pa Boma pano pa Mangochi, choncho anandiitana. "Alamu, ntchito yake ndi yochepa," anatero. "Mungozula zakalezo, muikemo kabolodi aka. Adaputa ndili nayo ya dikoda ija inafa." Ndinawapempha kuti adaputayo ayambe aibweza m'thumba, ndipo pulagi ya kabatiyo asailowetse pakhoma kufikira nditatsegula kumbuyo ndi kuwerenga chilichonse cholembedwa m'katimo. Anthu ambiri akamasintha makinawa amayamba ndi magemu, sikirini ndi penti, magetsi n'kudzawaganizira kumapeto. Ine ndimayambira ku magetsi, chifukwa zina zonsezo zimakhala moyo kapena kupsa malinga ndi zimene wasankha pamenepo.

Mukatsegula chitseko chakumbuyo, zimene zili m'katimo zili mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya magetsi a pakhoma: waya wolowa, fyuzi, siwichi, thiransifoma, sikirini ndi getsi lowalitsa chikwangwani chapamwamba. Mbali yachiwiri ndi ya magetsi ochepa otuluka mu power supply (bokosi losandutsa magetsi a pakhoma kukhala ochepa), amene amadyetsa bolodi la gemu, zokuzira mawu ndi makina olandira ndalama. Mbali yoyamba ingathe kupha munthu. Yachiwiri siipha munthu, koma imapha bolodi m'kamphindi.

Magetsi athu kuno ndi 230V pa 50Hz, ndipo pulagi yathu ndi ija ya mano atatu yonga ya ku Britain. Ku South Africa nakonso ndi 230V, ndiye alamu anga ankati palibe chodetsa nkhawa. Koma makina ambiri amtunduwu, kapena zipangizo za m'kati mwake, anapangidwira Japan kumene magetsi ndi 100V, kapena America kumene ndi 120V. Kabati ikhoza kulandira 230V pakhomo, m'kati n'kukhala ndi thiransifoma yotsitsa magetsiwo asanafike pa sikirini ndi pa getsi. Yathuyi inali choncho. Thiransifoma yolemera yomangidwa pansi pa kabati inkatsitsa magetsi kufika pa 110V, ndipo sikirini, getsi la chikwangwani ndi power supply yomwe, zonse zinkadyera pamenepo. Pambali pa power supply panali kasiwichi kofiira ka 110 ndi 220, kataima pa 110. Munthu akanazula thiransifomayo poti ikungolemeretsa kabati, n'kulumikiza power supply molunjika pakhoma osakankha kasiwichiko, akanamva kuphulika n'kuona utsi. Palinso msampha wa mitundu ya mawaya. Kwathu waya wamoto ndi wabulawuni, wobwerera ndi wabuluu, wa earth, woteteza munthu kuti asagwidwe, ndi wobiriwira ndi chikasu. Pa mawaya a ku America wamoto ndi wakuda, wobwerera ndi woyera. Tsono mbali ya magetsi ochepa ija, waya wakuda ndi wa ground, kutanthauza wobwerera wa mbali imeneyo. M'kabati imodzi mungathe kukhala mawaya akuda awiri, wina wosaopsa wina wakupha, ndiye musakhulupirire mtundu, tsatani waya ndi chala ndi mita mpaka kumene ukuthera.

Chimene chinatithandiza kwambiri n'chakuti mawaya opita ku bolodi anali a dongosolo la JAMMA. Ili ndi dongosolo limene bungwe la makampani opanga makina a masewera ku Japan linakhazikitsa mu 1985, kuti mwini kabati azitha kuchotsa gemu imodzi n'kulowetsa ina popanda kuluka mawaya mwatsopano. Cholumikizira chake chili ndi mapini 56, mbali iliyonse 28. Mapini 1 ndi 2 ndi a ground, 3 ndi 4 ndi a +5V, 5 ndi wa -5V, 6 ndi wa +12V, ndipo pa 7 pamakhala kampata kotsekedwa kuti munthu asalowetse chozondoka. Pa kabati yathu kapulasitiki kotseka mpatawo kanagwa kalekale. Ndinadula kena n'kumatapo, ndiponso ndinalemba ndi penti mbali yoyang'ana kumwamba, chifukwa cholumikizirachi chikalowa chotembenuka magetsi amapita pa mapini amene sanapangidwire magetsi. Magemu akale kuposa 1985, monga Pac-Man ya 1980, ali ndi mawaya awoawo, ndipo Pac-Man imalandira magetsi a AC kuchokera ku thiransifoma n'kuwawongola pa bolodi pomwepo. Kabati yotero siingalandire bolodi la JAMMA molunjika.

Tsopano nayi nkhani imene ndinakhala nayo pansi nthawi yaitali ndi alamu anga, pensulo ili m'manja. Pa chikwangwani cha power supply yakaleyo panalembedwa kuti +5V 15A, +12V 2A, -5V 1A. Iwo ataona 15A anati, "Ndiye ndi yamphamvu zedi, chilichonse inyamula." Ndi yamphamvudi, koma mphamvuyo ili pa waya wa 5V. Mabolodi a nthawi ya Street Fighter II ya 1991 kapena Neo Geo ya 1990 anali aakulu, odzaza ndi matchipi ambirimbiri odya 5V, pamene 12V ntchito yake yaikulu inali yokuza mawu basi. N'chifukwa chake anthu opanga power supply anaika nyama yonse pa 5V n'kusiyira 12V pang'ono. Zinthu zimene timaika lero zatembenuza nkhaniyi. Kabolodi katsopano n'kakang'ono ndipo sikadya zambiri, koma zonse zimene timawonjezera zimafuna 12V.

Tinawerenga chimodzichimodzi, malinga ndi zolembedwa pa chipangizo chilichonse. Amplifaya imene alamu ankafuna, kuti mawu azimveka mpaka kumsewu, imafuna 2A. Magetsi a LED olowa m'malo mwa chubu cha chikwangwani, 1A. Fani, 0.2A. Makina olandira matokeni tinawawerengera 0.5A kuti tisawapanikize. Zimenezi zokha zakwana 3.7A, bolodi lisanatengeko gawo lake, pa waya umene malire ake ndi 2A. Makina otero amayaka bwinobwino m'mawa, inu n'kuwomba m'manja, kenako mwana akamenya chigoli mawu n'kukwera, magetsi amagwa, bolodi n'kuyambiranso pakati pa gemu. Mwana amene waponya tokeni yake salakwa akalira. Ndiye musamawerenge mawati onse pamodzi n'kukhutira. Waya uliwonse uwerengeredwe pawokha, 5V payokha, 12V payokha. Ndipo ine sindilola kuti waya uliwonse unyamule kupitirira magawo atatu mwa anayi a zimene walembedwa, makamaka kuno kotentha.

Tinagwirizana zoika ma power supply awiri. Yoyamba, ya mtundu womwewo wa makabati koma yatsopano, ikudyetsa bolodi ndi makina a matokeni kudzera pa JAMMA. Yachiwiri, ya 12V 5A, ikudyetsa amplifaya, LED ndi fani. Mawaya a ground a ziwirizi ndinawalumikiza pamalo amodzi kuti mawu asamalire ngati njuchi m'masipika, koma mawaya a +12V a ziwirizi sakumana paliponse. Mukawakumanitsa, imodzi imayamba kukankhira inzake magetsi, ndipo yofookayo imatopa msanga. Yakale ija sindinaitaye. Makapasita ake awiri anali otupa pamwamba, ndawasintha, ndipo ili pashelefu kudikira tsiku la tsoka.

Waya wa -5V anthu amaunyoza poti mabolodi ambiri atsopano saufuna. Koma ngati tsiku lina mudzapeza bolodi lenileni lakale, ena mwa iwo, monga Mortal Kombat ya 1992, amafuna -5V pa mbali ya mawu. Popanda iwo gemu imaoneka koma mawu ake samveka bwino kapena samveka n'komwe, inu n'kumasintha masipika osalakwa. Ine ndinausiya wolumikizidwa.

Kuyeza 5V ndi pamene pamafunika mtima wodekha. Matchipi akale aja amagwira ntchito bwino pakati pa 4.75V ndi 5.25V, ndiye malo osewerera ndi ochepa. Power supply ya makabati imakhala ndi kokhotetsa kakang'ono kokwezera kapena kutsitsira 5V. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'choyeza pa zomangira za power supply pomwepo, kuona 5.0V, n'kutseka chitseko. Magetsi amatayika m'njira, ngati mmene madzi amafookera pa mpopi wakumapeto kwa mzere ngakhale thanki itadzaza. Waya woonda ndi cholumikizira cha dzimbiri zikapanga 0.05 ohm chabe, bolodi likukoka 4A, mwataya kale 0.2V. Yezani pa bolodi penipeni, pakati pa pini 3 ndi pini 1, gemu ikuyenda. Yambani kokhotetsako kali pansi, muzikweza pang'onopang'ono kufikira mita ionetse pakati pa 5.0V ndi 5.1V. Mukasintha bolodi yezaninso, chifukwa power supply imene inakwezedwa kuti ikwanitse bolodi lalikulu lakale idzapereka magetsi okwera pa kabolodi kakang'ono kosadya zambiri. Ngati kusiyana kwa pa power supply ndi pa bolodi kuli kwakukulu, mankhwala ake si kukweza kokhotetsa ayi, koma kutsuka mapini ndi kusintha mawaya. Pogula waya, palani kansonga ndi mpeni: ukayera m'kati, ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, ndipo sunyamula magetsi ngati kopa weniweni.

Anyamata ena amandifunsa ngati power supply ya kompyuta yakale ingagwire ntchitoyi, poti imapezeka mosavuta. Ingathe. Waya wofiira ndi +5V, wachikasu +12V, wakuda ground, ndipo kuti iyake popanda kompyuta mumalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda. Ili ndi 12V yambiri, zimene n'zabwino pa zipangizo zalero. Koma ilibe kokhotetsa kokonzera 5V, zatsopano zilibe waya woyera wa -5V, ndipo zina zakale sizikhazikika ngati katundu pa 5V ndi wochepa kwambiri. Amene akufuna kuika kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi m'malo mwa bolodi la JAMMA akumbukire kuti Pi 4 imafuna 5.1V 3A, ndipo tchaja ya foni ya pamsika kawirikawiri siikwanitsa zimene yalembedwa. Ikaperewera, kachizindikiro ka mphezi kamaoneka pakona ya sikirini ndipo Pi imachepetsa liwiro lake.

Pa sikirini ndi pamene mtima unandipweteka. Ndimakonda chithunzi cha sikirini ya chubu, ija ya msana waukulu. Magemuwa anajambulidwa kuti azioneka pa chubu, ndipo mitundu yake pamenepo imakoma mwa mtundu wina. Koma yathuyi inali ndi chithunzi cha gemu yakale chopsereratu pagalasi, ndipo flyback yake, kathiransifoma kopangira chubu magetsi okwera kwambiri, inali yosweka. Tinaika LCD ya mainchesi 19, yolandira chilichonse kuyambira 100V mpaka 240V ndi kudya mawati osafika 30. Chithunzi cha pa JAMMA ndi cha 15kHz, chimene masikirini ambiri a kompyuta sachilandira, koma kabolodi kathu kali ndi potulukira pa VGA, polumikizira sikirini ya kompyuta, ndiye sitinafunike chosinthira. Kwa inu amene chubu chanu chili moyo ndipo mukufuna kuchisunga, mverani izi. Masikirini ambiri a makabati amafuna thiransifoma yowapatula ku magetsi a pakhoma, ndipo ikachotsedwa chitsulo cha sikirini chimatha kukhala ndi moto, bolodi n'kupsa, munthu n'kugwidwa. Komanso pansi pa kachipewa ka labala kali pamsana pa chubu pamakhala mavolti opitirira 20,000 sikirini ikamayaka, ndipo chubucho chimasunga ena ngakhale mutazula pulagi. Ngati simunagwirepo ntchito ya ma TV akale, musakhudze kachipewako. Itanani wodziwa adzayambe wachotsa motowo. Chubu titachitsitsa, thiransifoma nayo inalibenso ntchito, ndiye inatuluka pamodzi ndi getsi lakale la 110V.

Chinthu chimene sindinalole kukambirana ndi earth. Pamene pali timitengo ndi mabatani ndi pachitsulo, kachitseko ka ndalama n'kachitsulo, ndipo osewera ake ndi ana amene ena angotuluka kumene m'madzi ku Shire, mapazi onyowa, opanda nsapato, ataponda pa simenti. Ndinamanga waya wa earth kuchokera pa dzino lalitali la pulagi kupita pa bokosi la power supply iliyonse, pa chitsulo cha mabatani ndi pa kachitseko, kenako ndinayeza ndi mita kuchokera pa dzinolo kufika pa chitsulo chilichonse kuti pakhale pansi pa 1 ohm. Titatsegula soketi ya pakhonde tinapeza kuti amene anailumikiza anaikamo mawaya awiri okha. Pamenepo ntchito yanga yonse ya earth inali yopanda pake. Ma power supply amakonowa akasowa earth, bokosi lake limanyerenyetsa munthu akalikhudza ngakhale asanawonongeke, nanga tsiku limene waya wamoto udzakhudze chitsulo? Ndinawauza kuti, "Alamu, kabati iyi siyaka pakhonde pano kufikira mutaitana wa magetsi wovomerezeka adzakokere earth pa soketiyi ndi kuika chodula magetsi cha 30mA." Anadandaula za ndalama, koma achemwali anga anaima mbali yanga, ndipo zinachitika.

Fyuzi ya mu pulagi inali ya 13A. Kabati yonse tsopano ikudya pafupifupi mawati 80, amene pa 230V ndi cha m'ma 0.35A, ndiye ndinaikamo ya 3A ndi kusiya zina ziwiri m'kathumba komatidwa m'kati mwa chitseko. Ndinatero dala, chifukwa fyuzi ikapsa Loweruka madzulo ana ali pamzere, chiyeso chokulunga kawaya kapena pepala lonyezimira la mu paketi ya fodya chimakula, ndipo pamenepo chimene chimapsa m'malo mwa fyuzi ndi kabati yamatabwa.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi omwewa amene amatuluka m'nyanja n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi, kupita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo tonse tikukumbukira mmene kuthimathima kunakulira. Pa benchi langa ndaona kuti zipangizo zambiri sizifa magetsi akamathima, zimafa akamabwerera. N'chifukwa chake kabatiyi ikudyera pa guard yonga ya firiji, imene imadula magetsi akakwera kapena kutsika mopitirira muyeso, n'kudikira kaye asanawalole kulowanso. Pafupi ndi golosaleyo palinso owotcherera zitsulo, ndipo akayamba ntchito babu imaphethira. Pa chifukwa chimenechi, power supply ya 12V ndinasankha yolandira 100V mpaka 240V popanda siwichi, poti magetsi akatsika iyo imangopitiriza. Nthawi ya dzinja mphezi zikayamba kung'anima cha ku mapiri a Namwera, lamulo ndi kuzula pulagi. Guard siingaletse mphezi.

Kutentha nakonso ndi mdani wa power supply. Mu Okutobala kuno kumatha kupitirira madigiri 35 pamthunzi, ndiye ganizirani m'kati mwa bokosi lotseka pansi pa malata. Makapasita amauma ndi kutentha, ndipo amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wake umatsika ndi theka. Posintha ndimaika olembedwa 105°C, osati 85°C. Ndinaboola malo olowera mpweya pansi ndi kuika fani pamwamba yotulutsira wotentha kunja, ndipo mabowo onse ndinawatchinga ndi sefa wa waya. Popanda sefa, abuluzi ndi mphemvu zimalowa kukafuna pofunda, ndipo buluzi mmodzi akagona pa zomangira za 230V ntchito yatha. Ma power supply onse ndinawakhomera pakhoma la kabati, osati pansi, chifukwa pansi ndi pamene pamagwera matokeni osochera ndi madzi okolopera khonde.

Pano alamu anga akufuna kuti kabatiyo izisewera ngakhale magetsi atathima, poti nthawi imeneyo ndi imene ana amasowa chochita. Ali ndi sola padenga ndi batire la 12V 100Ah. Maganizo awo oyamba anali ongotenga mawaya awiri ku batire kupita pa waya wa 12V wa kabati, koma batire likamatchajidwa limakwera mpaka cha m'ma 14.4V, likatopa n'kutsika pansi pa 12V, ndipo bolodi silinapangidwire kukwera ndi kutsika kotero. Pakufunika chowongolera chosunga 12V pamalo amodzi ndi china chotsitsa kufika pa 5V, apo ayi inveta yabwino yodyetsa kabati yonse kudzera pa pulagi. Batire lotere lili ndi mphamvu ya 1,200Wh, koma la asidi siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye zogwiritsa ntchito ndi 600Wh. Pa mawati 80, kuwonjezerapo zimene inveta imadya yokha, ndi maola pafupifupi 6, ndipo batire lomwelo ndi limene limayatsa mababu a m'golosale usiku. Ndawauza kuti ayambe atsitsa mawu a amplifaya ndi kuzimitsa LED za chikwangwani masana, ndidzabwere ndi mita tiyezenso zimene kabati ikudya, kenako tione ngati pakufunika batire lachiwiri.